Mkono wa Mnyamata Woponya Mpira Ukamangovulalavulala

FUNSO

Akonzi, ine ndine msodzi ndipo ndimakhala kufupi ndi doko la Senga Bay kuno ku Salima. Mlongo wanga adapita ku Cape Town zaka khumi zapitazo kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo adatenga mwana wake wamwamuna, yemwe tsopano ali ndi zaka 16. Kumeneko mnyamatayu adaphunzira masewera otchedwa baseball, amene ine ndimangowaonera pafoni, ndipo iye ndi amene amaima pakati pa bwalo n'kumaponyera mpira munthu wogwira ndodo uja. Mayi ake amatiuza kuti aphunzitsi amamuyamikira kwambiri, moti amasewera timu yapasukulu ndi inanso ya m'dera lawo, ndipo pali chiyembekezo choti tsiku lina angadzapite ku America.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti chaka chatha adabinya phazi, ndipo patangotha masabata awiri adabwerera pabwalo akutsimphinabe. Sipadatenge nthawi, chigongono chidayamba kumuwawa. Adapuma mwezi umodzi, adabwereranso, kenaka lidadzakhala phewa, ndipo tsopano chigongono chija chayambiranso. Atabwera kutchuthi mu Disembala, tsiku lina m'mawa tinatsikira limodzi kunyanja kukachingamira mabwato a usipa, ndipo ana anamuchonderera kuti awaonetse kaponyedwe kake. Anatola mwala umodzi wokha n'kuuponya, ndipo unakagwera kutali moti ana onse anakuwa, koma iye anatembenuka msanga kubisa nkhope, dzanja lamanzere litagwira mkati mwa chigongono chakumanja. Madzulo posamba m'manja kuti tidye nsima ndinaona kuti mkonowo sukuwongoka wonse, ndipo m'chikwama mwake mkazi wanga anapezamo timapepala ta brufeni tambiri totha kale. Nditamufunsa anangoti, "Malume, chonde musawauze amayi. Akochi akamva andichotsa patimu."

Agogo ake akunena kuti zimenezi ndi nsanje za anthu, ndipo akufuna kuti tikamutemere mphini asanabwerere. Ine ndine mwinimbumba ndipo onse akudikira mawu anga. Kodi chimachititsa kuti mkono uzingovulala chonchi n'chiyani, nanga tsogolo lake pamasewerawa lathera pomwepa?

Malume wodandaula, Senga Bay, Salima

YANKHO

Zikomo kwambiri bambo chifukwa cha kalata yanu. Maso anu aona zimene aphunzitsi awiri a mnyamatayu akanayenera kuona kalekale. Mwana amene akubisa nkhope ataponya mwala umodzi, amene mkono wake sukuwongoka ndipo akuyenda ndi mankhwala opha ululu m'chikwama, ndi wovulala ndithu, ndipo kuyambira lero asaponyenso mpira, mwala ngakhale kamtengo kogwetsera mango mpaka dokotala atamuona. Kupalasa bwato ndi kukoka khoka nakonso kudikire.

Ndifotokoze kaye chimene chimachitika m'mkonomo. Woponya mpira amaima pa kachulu kamene kali pa mtunda wa mamita 18 ndi masentimita 44 kuchokera pamene pali womenya, ndipo mpira umene amaponya umalemera pafupifupi magalamu 145. Akatswiri amauponya pa liwiro loposa makilomita 150 pa ola. Kuti ufike pa liwiro lotere, mkono umapindikira kumbuyo kwambiri kenaka n'kukwapulira kutsogolo ngati chikoti, ndipo pa kanthawi kameneko chigongono chimafuna kutseguka chamkati. Chimene chimachigwira ndi kamtsempha kakafupi kolumikiza fupa lakumtunda kwa mkono ndi lina lakumunsi, kamene madokotala amakatchula mwachidule kuti UCL. Malo amene mnyamata wanu anagwira kunyanja kuja ndi pomwe pali kamtsemphako. Inu mukudziwa kuposa ine mmene chingwe cha nangula chimathera. Sichiduka tsiku limene mwachigula, koma timaulusi timayamba kuthothoka kamodzikamodzi pamene chimakhuzana ndi m'mphepete mwa bwato, ndipo tsiku limene mwera udzachidule, anthu adzanena za mphepo pomwe chingwecho chidatha kale. Mtsempha umasiyana ndi chingwe pa chinthu chimodzi: thupi limatha kulumikiza timaulusi tothothokato lokha, koma limachita zimenezi pang'onopang'ono chifukwa mtsempha sulandira magazi ochuluka ngati mnofu, ndipo limafuna masiku opuma. Pamsinkhu wa zaka 16 palinso nkhani ina, yakuti kumapeto kwa mafupa kumakhala malo ofewa pamene fupa likukulirabe, ndipo malo amenewa amatha kuvulala kapena kutheteka mtsempha usanaduke n'komwe.

Mwafunsa chifukwa chake kuvulalaku kukungobwerezabwereza, ndipo ine ndikuona kuti yankho lili m'ndondomeko imene mwalemba nokha: phazi, chigongono, phewa, chigongono. Mphamvu yoponyera mpira imachokera pansi. Imayambira kuphazi, n'kukwera m'ntchafu ndi m'chiuno, ndipo mkono umangoimalizitsa. Munthu akamaponya phazi likuwawa amaopa kuliponda mwamphamvu, ndipo ntchito imene miyendo yaizemba imagwera chigongono. Chigongono chikayamba kuwawa amasintha kakwezedwe ka mkono mosadziwa, ndipo katundu uja amasamukira paphewa. Ku America nkhani ya Dizzy Dean imakumbukiridwabe pa chifukwa chomwechi. Iye adapambana masewero 30 m'chaka cha 1934 akusewerera St. Louis Cardinals, koma mu 1937 mpira womenyedwa udamuthyola chala chakuphazi. Adabwerera pabwalo chalacho chisanapole, adasintha kaponyedwe pofuna kuchiteteza, ndipo adawononga mkono wake kotero kuti liwiro lake lakale silidabwererenso. Paja akulu adati fulumira adadya gaga, ndipo masabata awiri amene mnyamata wanu adapuma atabinya phazi adali ochepa zedi.

Brufeni uja akundidetsa nkhawa kuposa zonse. Ululu ndi mlonda amene thupi limatuma kudzanena kuti mtsempha watopa, ndipo mwana akamwa mapiritsi asanapite pabwalo amakhala atagoneka mlondayo pamene chingwe chikupitiriza kuthothoka. Kumwa mankhwala amenewa kwa nthawi yaitali popanda malangizo a dokotala kumathanso kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Mufunseni modekha ngati chala chake chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zimachita dzanzi akaponya, chifukwa mtsempha umene umapereka mphamvu yomva ku zala ziwirizi umadutsa pomwepo pachigongono, ndipo dokotala adzafuna kudziwa zimenezo.

Chinanso ndi nkhani ya matimu awiri. Mwana akamasewera kusukulu komanso kudera, mphunzitsi aliyense amawerenga mipira ya kwa iye yekha, ndipo palibe amene amadziwa kuchuluka kwa yonse pamodzi. M'chaka cha 2014 bungwe loyendetsa ligi yaikulu ya ku America, Major League Baseball, pamodzi ndi USA Baseball adatulutsa malangizo otchedwa Pitch Smart. Malangizowa amati mnyamata wa zaka 15 kapena 16 asaponye mipira yoposa 95 pa tsiku, ndipo akafika 76 apume masiku anayi athunthu asanaponyenso. Amatinso pa chaka apume miyezi inayi osaponya pampikisano, iwiri kapena itatu mwa miyeziyo ikhale yotsatizana, ndipo amachenjeza za kusewera matimu angapo nthawi imodzi. Ku Japan nako adaphunzira movutikira. Mu 1998 mnyamata wasekondale, Daisuke Matsuzaka, adaponya mipira 250 m'masewero amodzi pa mpikisano wotchuka wa Koshien, ndipo dziko lonse lidamutama. Kuyambira 2020 akuluakulu a masewera a m'masukulu kumeneko adaika malire a mipira 500 pa sabata. Mayi ake a mnyamatayu afunse aphunzitsi onse awiri kuti mwana wawo amaponya mipira ingati pa sabata, ndipo ngati palibe amene ali ndi chiwerengerocho m'kabuku, gwero la vutoli lapezeka.

Pa funso loti tsogolo lake latha kapena ayi, ndikuuzeni za munthu amene nkhani yake imandimvetsa chisoni nthawi zonse. Mark Prior adasankhidwa ndi timu ya Chicago Cubs mu 2001, ndipo anthu odziwa masewerawa ankati kaponyedwe kake n'kopanda chilema. Mu 2003, chaka chimene adakwanitsa zaka 23, adapambana masewero 18 n'kugonja 6 okha, ndipo kumapeto kwa chakacho, timu ikulimbirana chikho, kangapo konse adaponya mipira yoposa 130 m'masewero amodzi. Chaka chomwecho adawombana ndi wosewera wa timu ina pothamanga n'kupweteka phewa. Mu 2004 udali mtsempha wakuchidendene, mu 2005 mpira womenyedwa mwamphamvu udamuthyola fupa lapachigongono, ndipo mu 2006 phewa lidakaniratu. Masewero ake omaliza mu ligi yaikulu adali a mu Ogasiti 2006, ali ndi zaka 25 zokha. Adachitidwa opaleshoni ya phewa mu 2007, adayesa kubwerera chaka ndi chaka kudzera m'matimu ang'onoang'ono, ndipo mu 2013 adasiya. Chilungamo chake n'chakuti zina mwa zimenezi zidali ngozi zimene palibe akanaziletsa, ndipo Prior mwini sadaloze chala mphunzitsi wake ngakhale anthu ambiri adatero. Komabe nkhani yake ikuonetsa kuti luso, ngakhale likule chotani, silitchinjiriza mkono, ndipo kuvulala kwina kumaitana kunzake. Munthuyu sadatayike, chifukwa kuyambira 2020 ndi mphunzitsi wa oponya mpira ku Los Angeles Dodgers, ndipo chaka chomwecho timuyo idatenga chikho chachikulu cha ligiyo, chotchedwa World Series.

Palinso Mark Fidrych wa Detroit Tigers, amene adapambana masewero 19 m'chaka chake choyamba, mu 1976. Chaka chotsatira adavulala bondo, kenaka mkono udangofooka, ndipo m'zaka zonse zotsalazo adangopambana masewero 10 okha. Kung'ambika kwa mitsempha ya m'phewa mwake kudadzadziwika mu 1985, iye atasiya kale kusewera. Ndikumutchula chifukwa mnyamata wanu wapuma kawiri konse popanda wina kumuuza chimene chavulala, ndipo kupuma kotere kuli ngati kusoka ukonde mumdima.

Choncho mutengereni kuchipatala. Pachipatala chachikulu cha boma lanu pamakhala madokotala othandizira amene adaphunzira za mafupa, omwe angamupime, kumujambula ndi X-ray n'kuona ngati fupa latheteka. X-ray imaonetsa mafupa koma siionetsa bwino mitsempha, kotero akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14, kumene kuli Kamuzu Central Hospital ndi akatswiri a mafupa. Makina amene amaonetsa mtsempha bwinobwino ndi a MRI. Ngati tchuthi chatsala pang'ono kutha, chipatala chikupatseni kalata yoti akaonetse dokotala ku Cape Town asanagwirenso mpira. Mtsempha ukakhala kuti wangotambasuka kapena wang'ambika pang'ono, nthawi zambiri amayamba ndi kupumitsa mkono kwa masabata angapo kapena miyezi, kenaka mafizo olimbitsa phewa, msana, chiuno ndi miyendo, ndipo pambuyo pake amayambiranso kuponya pafupi ndi mofewa, n'kumatalikitsa pang'onopang'ono. Kutha kwa ululu si chizindikiro choti wachira, ndipo apa ndi pamene anyamata ambiri amagwera.

Za agogo, ndikupempheni kuti muwayankhe mwaulemu, pakuti akulankhula chifukwa chokonda mdzukulu wawo. Koma afotokozereni kuti vuto lomweli limagwira anyamata a ku America, ku Japan ndi ku Dominican Republic amene alibe mnansi aliyense ku Senga Bay, ndipo limawagwira pamalo omwewo a chigongono. Mphini imathera pakhungu pomwe chovulala chili mkati pafupi ndi fupa, ndipo lumo likhoza kungowonjezera chilonda ndi matenda ena. Choopsa kwambiri n'chakuti mwana akatemeredwa angakhulupirire kuti watetezedwa n'kukaponyanso mwamphamvu.

Mayi ake ayenera kudziwa, koma musamuulule mnyamatayu kuseri. Khalani naye pansi awiriwiri, mumuuze kuti monga malume simungasunge chinsinsi chimene chingamulemaze, ndipo foniyo muimbe muli limodzi. Mantha ake ndi omveka, chifukwa mwana wa mayi wogwira ntchito ya m'nyumba kudziko la eni amaona masewerawa ngati khomo lokhalo lotulukira, ndipo maloto akewo si opanda pake: Gift Ngoepe wa ku South Africa adasewera mu ligi yaikulu ndi Pittsburgh Pirates mu 2017, ndipo Tayler Scott wa ku Johannesburg, yemwe ndi woponya mpira, adafikako mu 2019 ndi Seattle Mariners. Pa zaka 16 kutaya nyengo imodzi ya masewera n'kochepa poyerekeza ndi kutaya mkono. Mphunzitsi amene angachotse mwana patimu chifukwa wanena kuti akumva kuwawa sayenera kupatsidwanso mwanayo, ndipo akachira asankhe timu imodzi yokha. Sukulu nayo aigwiritse, chifukwa anyamata ena amene amapita ku America kukasewera amalowera pakhomo la makoleji.

FUNSO

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Nkhotakota. Mlendo wina wongodzipereka adatisiyira mipira, ndodo ndi magolovesi a baseball, ndipo ana a Sitandade 5 ndi 6 akuwakonda kwambiri masewerawa. Mnyamata mmodzi wa zaka 12 amaponya bwino kuposa onse, moti anzake amafuna aziponya yekha tsiku lililonse. Ndidawerenga pa intaneti kuti kuli opaleshoni yotchedwa Tommy John imene imabwezeretsa mkono, ndipo ena akuti munthu amaponya mwamphamvu kuposa kale. Kodi n'zoona?

Mphunzitsi, Nkhotakota

YANKHO

Aphunzitsi, opaleshoniyo iliko, koma mbali yachiwiri ya zimene mudawerengazo si yoona. Dzinali ndi la munthu. Tommy John ankaponyera Los Angeles Dodgers ndi dzanja lamanzere, ndipo mu 1974, ali ndi zaka 31, kamtsempha ka mkati mwa chigongono kamene ndafotokoza pamwambapa kadaduka. Masiku amenewo kuvulala kotere kunkatanthauza kutha kwa ntchito. Dokotala wa timuyo, Frank Jobe, adayesa chinthu chimene chidali chisanachitikepo pa woponya mpira: adachotsa mtsempha wina pamkono wakumanja, adaboola timabowo m'mafupa a chigongono chakumanzere, n'kuulowetsa mmenemo kuti ugwire ntchito ya woduka uja. Jobe mwini adamuuza kuti mwayi wobwerera pabwalo udali umodzi mwa 100. John adakhala chaka chonse cha 1975 osasewera, adabwerera mu 1976, ndipo adaponya mpaka 1989 ali ndi zaka 46. Mwa masewero 288 amene adapambana pa moyo wake, 164 adabwera pambuyo pa opaleshoni.

Nkhani yosangalatsayi ndi imene yasocheretsa makolo ena kumeneko mpaka kumaganiza kuti opaleshoni ndi njira yowonjezerera mphamvu. Amene amaoneka ngati akuponya bwino atachitidwa opaleshoni amatero chifukwa poyamba ankaponya ndi mkono wovulala, komanso chifukwa amakhala atatha chaka kapena chaka ndi theka akulimbitsa thupi lonse tsiku ndi tsiku. Ena sabwereranso pamlingo wawo wakale, ndipo mtsempha watsopano nawo umatha kuduka. Shohei Ohtani wa ku Japan adachitidwa opaleshoni ya chigongono mu 2018 ndipo adachitidwanso ina mu 2023, moti chaka chonse cha 2024 sadaponye ngakhale ankamenya mpira. Stephen Strasburg wa Washington Nationals adatulutsa omenya 14 m'masewero ake oyamba mu Juni 2010, ndipo chakacho chisanathe adali atagonekedwa kale pa tebulo la opaleshoni. Adachira, adathandiza timu yake kutenga World Series mu 2019, ndipo adasaina mgwirizano wa zaka zisanu ndi ziwiri wa madola 245 miliyoni. Kuchokera pamenepo vuto la mitsempha ya m'dzanja ndi ya pakati pa khosi ndi phewa lidamugwira, adangosewera masewero asanu ndi atatu okha, ndipo mu 2024 adapuma. Amenewa ndi anthu okhala ndi madokotala awoawo ndi ndalama zosawerengeka, pomwe mwana wanu wa ku Nkhotakota akavulala chigongono adzayenera kuyamba wapeza ndalama ya minibasi.

Chimene chili m'manja mwanu ndi kuwerenga. Mwana wa zaka 11 kapena 12 asapitirire mipira 85 pa tsiku, ndipo wa zaka 9 kapena 10 asapitirire 75. Musalole kuti aziponya yekha ngakhale anzake adandaule, koma phunzitsani ana anayi kapena asanu kuti azisinthana, ndipo amene waponya asakhalenso wogwira mipira kumbuyo kwa womenya tsiku lomwelo, chifukwa nayenso amaponya kwambiri pobweza. Mukaona mpira wake wayamba kusochera, chigongono chatsika kapena akugwedeza dzanja akaponya, mutulutseni osadikira kuti anene yekha. Kuti musasokoneze chiwerengero, ikani njere za chimanga m'thumba limodzi la malaya, ndipo mpira uliwonse akaponya musamutsire njere imodzi kuthumba linalo. Zikafika 66 kapena kuposerapo Lolemba, mwanayo apume Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu, ndipo adzagwirenso mpira Loweruka.